Amene adafera m'mapanga a Jeju adali alimi, osati zigawenga

A Mkonzi,

Ndakhala ndikuwerenga nyuzipepala yanu kwa zaka zambiri, koma kalata ino ndi yoyamba kukulemberani. Chandidzutsa ndi nkhani ya patsamba la zokopa alendo ija, yonena za Jeju, chilumba cha kummwera kwa South Korea. Zithunzi zidali zokongola, sindikana: nyanja yobiriwira, minda ya manachesi, amayi otibira pansi pa nyanja kukatola nkhono, ndi akwati atsopano atakolekana mikono pamathithi a Jeongbang. Zonsezo zilikodi, ndidaziona ndi maso angawa. Koma chakumapeto mlembi wanu adangoponyapo chiganizo chimodzi, chakuti kalekale pachilumbapo padabuka zipolowe za zigawenga zachikomyunizimu ndipo boma lidazithetsa. Chiganizo chimenecho chandisowetsa mtendere, chifukwa pamwamba pa mathithi omwewo mpamene asilikali a boma ankaomberapo anthu akumudzi, mitembo nkumagwera kunyanja.

Ine ndine mlangizi wa zaulimi. Ndidakhala ku Korea zaka ziwiri ndikuphunzira za ulimi wothirira, ndipo mu Januwale 2019, sukulu itatsekera, mnzanga wina wa m'kalasi wobadwira ku Jeju adanditenga kukacheza kwawo. Ndege ya kuchokera ku Seoul imatenga ola limodzi basi, ndipo njira imeneyi ndi imodzi mwa njira za ndege zodzaza kwambiri padziko lonse. Titatera, mnzangayo adaloza pawindo nkunena motsitsa mawu kuti pamene tapondapa adakumbapo mafupa a anthu. Ndidayesa nthabwala. Pambuyo pake ndidamva kuti pakati pa 2007 ndi 2009 akatswiri adafukula mafupa a anthu oposa 380 m'mphepete mwa msewu wa ndege pabwalo lomwelo. Alendo mamiliyoni akhala akutera pamanda osadziwa.

Kunyumba tidapeza agogo ake aakazi atakhala pansi potentha, poti kumeneko nyumba amazifunditsa kunsi kwa simenti. Kumeneko wamkulu aliyense, wamwamuna kaya wamkazi, wachibale kaya ayi, amamuitana kuti samchun, ndiye nanenso ndidawalonjera choncho, iwo nkuseka mpaka kutsokomola. Adasenda nachesi, nkulidula pakati, theka kundipatsa m'manja. Zala zawo zidali zokhota ngati mizu ya chinangwa. Madzulo a tsiku lachiwiri, mnzanga atawauza kuti mawa tikupita ku malo achikumbutso, agogowo adaleka kusenda, khoko lili m'manja, nkunena mawu awiri okha: soksom hera. Mnzanga adati m'chiyankhulo cha pachilumbapo ndiye kuti khala chete, tseka pakamwa. Adati mawu amenewo amayi ankauza ana awo m'mapanga asilikali akamadutsa pamwamba, ndipo ndi mawu omwewo amene adalerera ana ndi zidzukulu kwa zaka makumi anayi zotsatira. Bambo a agogowo adatengedwa iwo ali kamtsikana, osabweranso. Sadandiuze zambiri, inenso sindidafunse.

Kuti awerengi amvetse, ndifotokozeko pang'ono chiyambi chake. Japan atagonja mu 1945, Korea adagawidwa pawiri, kumpoto kuli asilikali a Soviet Union, kummwera kuli a America. Ku Jeju anthu masauzande adabwerera kuchokera ku Japan koma ntchito kulibe, zokolola zidavuta, kolera adabuka mu 1946, ndipo apolisi ambiri omwe ankatumikira atsamunda achijapani adangosintha yunifolomu nkupitiriza ntchito. Pa 1 Malichi 1947, pamwambo wokumbukira kulimbana ndi atsamunda, hatchi ya wapolisi idaponda mwana. Anthu adathamangira wapolisiyo mokwiya, anzake nkuombera gulu la anthu, asanu ndi mmodzi kufa. Chilumba chonse chidanyanyala ntchito, aphunzitsi, a m'maofesi a boma, ngakhale apolisi ena. Akuluakulu sadapepese. Adaitanitsa apolisi ochokera kumadera ena a Korea pamodzi ndi gulu la achinyamata la Northwest Youth League, anyamata othawa kumpoto odana ndi chikomyunizimu kufa nacho, amene ankamenya ndi kulanda mmene afunira. Chaka chisanathe anthu pafupifupi 2,500 adamangidwa, ena nkufera m'chitokosi chifukwa chozunzidwa.

Zigawenga zidalikodi, ndipo sindikufuna kuti wina anene kuti ndikuzibisa. Pa 3 Epulo 1948, m'bandakucha, amuna pafupifupi 350 otsogozedwa ndi nthambi ya pachilumbapo ya chipani chachikomyunizimu cha South Korean Labor Party adaukira mapolisi 12 mwa mapolisi 24 a pachilumbapo. Ndicho chifukwa Akoreya amangoti 4.3 akamanena nkhaniyi. Ankakana chisankho cha pa 10 Meyi chimene chinkachitika kummwera kokha, poti ankaona kuti chidzagawa dziko mpaka kalekale. Mwa madera atatu a Jeju, awiri zotsatira zake zidakanidwa chifukwa ovota adachepa. Zigawengazo nazonso zidapha anthu, apolisi ndi mabanja awo, akuluakulu a zisankho, ndiponso anthu wamba m'midzi ngati Sehwa. Mlandu umenewo ndi wawo.

Koma amuna mazana ochepa, ambiri atanyamula mikondo yansungwi ndi mfuti zakale zosiyidwa ndi Ajapani, safika pa chiwerengero cha anthu amene adafa. Lipoti la boma la Korea lenilenilo, la mu 2003, lidati adafa pakati pa 25,000 ndi 30,000, ndiye kuti munthu mmodzi mwa anthu khumi aliwonse pachilumbapo. Mwa anthu olembedwa maina, pafupifupi asanu ndi atatu mwa khumi aliwonse adaphedwa ndi asilikali, apolisi ndi magulu othandiza boma. M'kaundula mwake muli ana osakwana zaka khumi mazanamazana, muli nkhalamba, muli amayi. Mwana woyamwa amakhala bwanji chigawenga?

Mmene zidafikira pamenepo ndi apa. Pa 17 Okutobala 1948, boma la Pulezidenti Syngman Rhee lili ndi miyezi iwiri yokha, mkulu wa asilikali pachilumbapo, Song Yo-chan, adalengeza kuti aliyense wopezeka mtunda wopitirira makilomita asanu kuchokera kugombe adzatengedwa ngati mdani nkuomberedwa. Pa 17 Novembala adaika chilumba chonse pansi pa ulamuliro wa asilikali. Tsono Jeju ndi phiri limodzi lalikulu, Hallasan, lotalika mamita pafupifupi 1,950, ndipo m'chiuno mwake mudali midzi yambirimbiri ya alimi ndi oweta ng'ombe ndi akavalo. Ife a zaulimi timadziwa kuti mlimi sungamuuze lero kuti mawa asiye nkhokwe, khola ndi manda a makolo ake. Midzi ina uthengawo sudafike nkomwe. Ena adatsikiradi kugombe, koma kumeneko banja likapezeka kuti mnyamata mmodzi palibe, ankati wapita kuphiri, ndipo makolo ake ankaphedwa m'malo mwake. Ukatsala kumtunda, wafa. Ukatsika, mwina wafa. Usiku zigawenga zikufuna chakudya, usana asilikali akufunsa kuti adawapatsa chakudya ndani. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa, koma anthu awa sadasankhe kukhala ndi mapanga awiri, adangopezeka pakati. M'miyezi inayi yachisanu imeneyo, midzi yakumtunda pafupifupi yonse idatenthedwa.

Ndiye anthu adalowa pansi. Jeju ndi chilumba cha miyala yochokera m'phiri lophulika, ndipo kunsi kwake kuli ngalande zazitali zomwe chiphalaphala chamoto chidasiya. Mnzanga adandiperekeza ku Donggwang-ri, kummwera chakumadzulo, kumene kuli phanga lotchedwa Keunneolgwe. Tidayenda m'kanjira ka m'tchire, mphepo ikulasa m'makutu, mpaka tidafika pa kadzenje kotsekedwa ndi zitsulo. Ndidagwada nkusuzumira. Khomo lake ndi loti munthu wamkulu alowe chokwawa, chamimba, ndipo kuchokera mkatimo munkatuluka mpweya wofunda wonunkha dothi lonyowa. M'menemo anthu pafupifupi 120 a m'mudzimo adakhala masiku oposa makumi anayi. Nkhalamba ndi ana adali mkati mwenimweni, anyamata nkumatuluka usiku kukasaka chakudya ndi madzi. Ana ankaletsedwa kulira, odwala ankatsokomolera m'nsanza.

Asilikali atalitulukira phangalo, anthuwo adachita chinthu chimene sindidzaiwala. Adasonkhanitsa tsabola wouma ndi zofunda zawo, nkuyatsa, nkumakupizira utsi kukhomo. Aliyense amene adapsererezapo tsabola m'khitchini akudziwa mmene maso ndi pakhosi zimachitira. Asilikaliwo adalephera kulowa, adangoombera mumdima, nkutseka khomo ndi miyala kuti abwerenso mawa. Usiku anyamata omwe adali kunja adachotsa miyalayo, anthu nkuthawira kuphiri. Koma kudali chipale chofewa chofika m'mawondo, ndipo chipale sichibisa mapazi. Asilikali adangolondola mphondero. Ena adawaombera pomwepo, ena adapita nawo ku Seogwipo, ndipo mu Januwale 1949 adakawaphera pamathithi a Jeongbang aja, a pachithunzi chanu. Mitembo yambiri sidapezeke. Ku Donggwang-ri mpaka lero kuli manda amene amawatcha heotmyo, manda opanda mtembo, momwe abale adaikamo zovala za womwalirayo ataitana mzimu wake. Ndidaima pamandawo nkumaganiza za kwathu, mmene timavutikira kusonkha ndalama zobweretsa maliro kuchokera ku Joni kuti munthu akagone pafupi ndi amayi ake. Ndidawamvetsa anthu amenewa popanda womasulira.

Utsi womwewo umene udapulumutsa anthu ku Keunneolgwe kwa usiku umodzi ndi umene udapha ena kummawa kwa chilumbacho. Pa 18 Disembala 1948 asilikali ndi apolisi adapeza phanga laling'ono pafupi ndi phiri la Darangshi. Mudali anthu khumi ndi mmodzi ochokera m'midzi ya Jongdal-ri ndi Hado-ri, atatu mwa iwo amayi, mmodzi mwana wa zaka zisanu ndi zinayi. Adawaitana kuti atuluke, iwo adakana, podziwa chimene chinkawadikira kunja. Pamenepo adakoleza moto pakhomo nkutseka kuti utsi ulowe mkati. Onse adafa chobanika.

Apa mpamene ndikufuna awerengi aike mtima, chifukwa kwa ine chopweteka kwambiri chidachitika patapita zaka 44. Ofufuza adalipeza phangalo ndipo mu Epulo 1992 nkhani idatuluka m'nyuzipepala ndi zithunzi: mafupa a anthu khumi ndi mmodzi atagona mondondozana, pambali pali miphika, masupuni, mbale, zipangizo za kumunda. Miphika, a Mkonzi. Anthu opita kunkhondo sanyamula mitsuko ya ndiwo ndi mwana wa sitandade 3. Nthawi imeneyo South Korea idali kale ndi pulezidenti wosankhidwa ndi anthu, idali itachititsa kale masewero a Olympics a 1988, dziko lonse likuiyamikira. Anthu ambiri pachilumbapo ankafuna kuti mafupawo aikidwe m'manda mwaulemu. Koma akuluakulu a boma adaopa kuti mandawo adzasanduka malo osonkhanirapo anthu. Mwezi wotsatira mafupawo adatenthedwa mwachangu, phulusa nkukamwazidwa panyanja, khomo la phangalo nkutsekedwa ndi konkire. Anthu amene adaphedwa ndi moto adatenthedwanso kachiwiri, nthawi ino ndi anthu ovala masuti okhala ndi zidindo. Ku nyumba yosungiramo mbiri ku Jeju 4.3 Peace Park, malo achikumbutso cha ophedwawo, adamanga chifanizo cha phangalo mmene lidapezekera, ndipo ndidaima pamenepo nthawi yaitali ndikuyang'ana kasupuni kamodzi.

Pali mudzi wina wakugombe, Bukchon-ri, umene ukuonetsa kuti ngakhale omvera lamulo la makilomita asanu sadapulumuke. Pa 17 Januwale 1949 zigawenga zidabisalira galimoto ya asilikali pafupi ndi mudziwo nkupha awiri. Akuluakulu a m'mudzi, pochita mantha, adanyamula mitemboyo okha kukaipereka ku kampu ya asilikali ku Hamdeok. Adaomberedwa komweko. Kenaka asilikali adatentha mudzi, nkusonkhanitsa anthu onse pabwalo la sukulu ya pulaimale, kupatula mabanja a apolisi ndi asilikali, otsalawo nkumawatenga m'magulumagulu kupita nawo m'minda yoyandikana. Tsiku limodzi lokha adafa pafupifupi 300. Pamalo otchedwa Neobeunsungi pali timilu ta miyala tating'onoting'ono, manda a ana, ndipo alendo amasiyapo maswiti ndi tizidole. Tsiku lomwe tidapitako padali kagalimoto kapulasitiki kofiira, chisanu chitakauma pamwamba. Akoreya ali ndi mwambo wa jesa, wophikira womwalira chakudya usiku wa tsiku limene adafa. Ku Bukchon-ri pafupifupi nyumba iliyonse imaphika usiku umodzimodzi.

Ndipo imvani izi. Mu 1954 anthu a m'mudzimo adali ndi maliro a mnyamata wawo amene adafera ku usilikali. Podutsa nawo pabwalo la sukulu lija, wina adati tiyeni tithire nsembe kwa amene adafera pano, ndipo mudzi wonse udabuma kulira. Apolisi atamva adaitanitsa atsogoleri a mudziwo nkuwalembetsa kuti sadzachitanso. Kulira maliro kudasanduka mlandu. Kwa zaka zambiri, kukhala mwana kapena mdzukulu wa munthu wophedwa pa 4.3 kunkakutsekera ntchito ya boma, usilikali, ngakhale ulendo wakunja, chifukwa m'mafayilo a apolisi banja lako lidali lofiira. Mlembi wina wa pachilumbapo, Hyun Ki-young, atasindikiza nkhani yokhudza Bukchon-ri mu 1978, adagwidwa nkuzunzidwa ndi a zachitetezo. Mukaona agogo akusiya kusenda nachesi nkunena kuti soksom hera, musaganize kuti ndi ukalamba.

Chiganizo cha mlembi wanu chija, ngakhale iye sadadziwe, ndi chiganizo chomwecho chimene maboma a asilikali a ku Seoul ankaphunzitsa ana m'sukulu. Sindikumuimba mlandu, ndikuganiza kuti adangochitola penapake ali pa changu cha ntchito. Koma dziko la Korea lenilenilo lidachisiya kale. Mu Januwale 2000 Pulezidenti Kim Dae-jung adasaina lamulo lapadera lofufuza nkhaniyi. Pa 31 Okutobala 2003 Pulezidenti Roh Moo-hyun adapita ku Jeju nkupepesa m'dzina la boma. Kuyambira 2014, tsiku la 3 Epulo ndi tsiku lachikumbutso la dziko lonse. Makhoti akhala akuzengaso milandu ya anthu omwe adaweruzidwa ndi mabwalo a asilikali nthawi imeneyo nkuwapeza osalakwa, ambiri atafa kale. Lamulo la chipepeso lidaika ndalama zokwana 90 miliyoni won, ndalama ya ku Korea, pa munthu aliyense wophedwa kapena wosowa, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO lidalandira zikalata ndi maumboni a 4.3 m'kaundula wake wa zikalata zofunika padziko lonse, wotchedwa Memory of the World. Ngati eni ake adavomera, ife a kutali tikakamirirenji mawu amene iwo adawalavula?

Mlembi wanu adalembanso kuti boma lidazithetsa, ngati nkhani ya sabata imodzi. Chiletso cholowa m'phiri la Hallasan chidachotsedwa pa 21 Seputembala 1954, patatha zaka zisanu ndi ziwiri ndi theka chiombereni anthu asanu ndi mmodzi aja. Pakatipo nkhondo ya Korea idabuka mu 1950, ndipo anthu omwe adali m'ndende kapena m'mabuku a apolisi adatengedwa nkukaphedwa mwakachetechete, ena pabwalo la ndege lija, ena kuponyedwa m'nyanja. Funso lina limene anthu a ku Jeju akufunsabe nlokhudza America, poti mpaka Ogasiti 1948 kummwera kunkalamulidwa ndi asilikali ake, ndipo ngakhale pambuyo pake alangizi ake adali ndi mphamvu pa asilikali a Korea. Limenelo silidayankhidwe mokhutiritsa eni maliro.

Sindikuletsa aliyense kupita ku Jeju, ayi. Amene Mulungu wamudalitsa ndi tikiti apite, akadye manachesi, akajambulitse pamathithi. Chimene ndikupempha nchakuti musindikize kalata ino pamalo oonekera monga mudachitira ndi zithunzi zija, ndipo mukadzalembanso za chilumbachi, mudzanene kuti ambiri mwa amene adafa adali anthu akumudzi obisala, ophedwa ndi boma lawo lomwe. Wopitako akapatule theka la tsiku akafike ku Peace Park. Polowa m'nyumba ya mbiri akapeza mwala waukulu woyera utagonekedwa chagada, wopanda chilembo nchimodzi chomwe, chifukwa Akoreya sadagwirizanebe kuti zimene zidachitikazo azitche dzina lanji, kuukira, kulimbana kapena kupulula anthu. Panja pali chosema cha mayi wa zaka 25 atakumbatira mwana wake wamkazi wa zaka ziwiri, amene adaomberedwa akuthawa mu Januwale 1949 nkupezeka m'chipale atakumbatirana choncho.

Kuseri kwake kuli bwalo lalikulu la timiyala takuda pafupifupi 4,000, ta anthu amene adatengedwa osapezekanso. Mnzanga adayenda mizere ingapo osayang'ana uku ndi uku, nkukaima pa kamodzi. Adapukuta chipale ndi dzanja la jekete, nkutulutsa m'thumba manachesi awiri amene agogo adampatsira m'mawa osanena kanthu. Adagwada kawiri mpaka chipumi kugunda pansi, monga mwa mwambo wawo, kenaka adandiuza kuti ndisende limodzi, poti akufa sawapatsa chipatso chili ndi khoko lonse. Zala zanga zidali zitauma ndi chisanu moti ndidalisenda moipa, madzi ake nkudonthera padzina la bambo a agogo aja.

Wowerenga wanu,
Mlangizi wa zaulimi, Dedza